Kadontho Kachisanu

Ku Oulu dzuwa limalowa tisanatsuke makapu a khofi wamasana.
M'chipinda chapansi chopanda zenera
muli ine, Reijo, makina awiri ojambulira,
ndi bere la pulasitiki lomwe silinayamwitsepo mwana.
Mkati mwake anabisamo timadontho ta kashiamu,
tochepa kuposa mchere wosinja.

Makina akumanzere amayankhula kudzera mwa womasulira.
Cheza chimagwera pa tisingano ta seziyamu
n'kusanduka kuwala,
kuwalako n'kusandukanso magetsi.
Uthenga wodutsa pakamwa pawiri
umafika utafufuma m'mbali,
komabe makinawa sapempha cheza chambiri kuti anene zomwe aona.

Akumanja alibe mkhalapakati.
Seleniyamu amameza cheza n'kulavula magetsi pomwepo,
malire a chithunzi akuthwa ngati lumo.
Koma ngwamangawa:
nthawi zina amasunga mthunzi wa chithunzi chapita,
ndipo chipinda chikazizira amanyanyala.

Tazimitsa nyali. Tikuwerenga.
Reijo akuti tinayi.
Ine ndikuti tisanu.
"Kachisanuko, Sointu, kali m'diso mwako," akutero,
osachotsa mphuno pagalasi.

Kapenadi.
Mkulu wanga Tuulikki anajambulidwa m'nyumba yomwe ino,
makina ake ena, akale.
Kalata inati palibe kanthu, mudzabwerenso pakatha zaka ziwiri.
Anabwera patangotha miyezi khumi
dzanja lili kukhwapa.
Nsapato zake zoyendera pachipale zikadali pakhomo panga,
zingwe zomangamanga monga anazisiyira.
Kuyambira pamenepo ndimaona timadontho paliponse,
pakhoma, pabuledi, m'maso mwa galu.

N'chifukwa chake sindidzikhulupirira ndekha,
n'chifukwa chake timawerenga awiri.

Akuluakulu a chipatala akufuna yankho Lachisanu,
dzina limodzi, mtengo wake pambali.
Pepala lawo lilibe mpata wolembapo kuti
awa amaona bwino bere lothithikana,
awo amalekerera bere lalikulu,
onse amaphonya.

Pamwamba pathu mipando ikukhululuka.
Amayi avula zikhoti zonyowa, agwira timapepala ta manambala,
wina akuseka mokweza kuposa nthabwala yake.

Reijo wasuntha bere lija pang'ono, utali wa chikhadabo,
wapita kuseri kwa galasi lotchinga.
"Tibwereze," akutero. "Ukhale chete mpaka ndiyambe ine."
Makina alira.
Chithunzi chikutsika mzere ndi mzere.
Ndaluma mlomo.
Iye akuwerenga ndi nsonga ya pensulo,
wafika pachinayi,
pensulo sanaiike pansi.