Fomu Yochokera ku Lilongwe

Atitumizira fomu ya masamba anayi
kuti tilembe phindu la bungwe lathu la zaluso.
Yagwera ine, poti ndine msungichuma,
kutanthauza kuti ndimasunga kachitini kamkaka kadzimbiri
ndi kope la masamu limene mbewa zinadya pakona.

Funso loyamba: ofesi yanu ili kuti?
Ndalemba kuti ku Chamama, kuseri kwa chigayo,
m'shedi imene kale ankasankhiramo fodya.
Sindinalembe kuti mvula ikagwa
makoma amanunkhabe chikonga,
kapena kuti siteji yathu ndi matabwa a jeke yakale
imene inkadinda mabelo a bwana.

Lachiwiri: mwapeza zingati chaka chino?
Pakhomo timalipitsa handiredi kwacha.
Wopanda ndalama amabwera ndi chinangwa,
kapena amangolowa,
chifukwa maso a Lufeyo, mlonda wathu, amachita ulesi
akaona mwana wopanda nsapato.
Zotsala m'chitini: zikwi zitatu ndi mazana anayi,
ndi ngongole ya penti kwa Mayi Nasimango.

Lachitatu ndilo landikhazika pano
mpaka tochi yayamba kufiira.
Ndi anthu angati apindula?
Kabokosi koyankhiramo nkosakwana ngakhale chala chachikulu.

Ndilembemo Yobe?
Mwana wa matenanti, anabwera manja ali bii ndi phula la fodya,
masabata atatu osatsegula pakamwa.
Tinamupatsa makala ndi khoma.
Anajambula sikelo, singano yake italozera kumbali,
ndi mayi ake chapafupi, ochepa kuposa belo.
Kalaliki wa pa esiteti anati tifufute.
Denga lodontha linamufufutira theka,
Yobe n'kubwerezanso, nthawi ino ndi penti.
Lero amalemba zikwangwani za magolosale,
zilembo zina amaziyang'anitsa kumbuyo
koma amamulipira.
Ameneyu ndi mmodzi?
Nanga mayi ake, amene amabwera Lamulungu
kudzaima patsogolo pa khomalo, manja kumbuyo?

Mu Julaye tinachita sewero la bambo
amene ndalama za fodya zikatuluka amasowa,
n'kukapezeka pa resitihausi ku boma
akusamba m'manja ndi mowa.
Esinati ndiye anali bamboyo, atavala jekete la mlongo wake.
Amayi anaseka mpaka kugwirana mapewa.
Nachisale anaseka nawo, kenako anangoti zii,
natuluka seweroli lisanathe.
Lolemba anamuona pa kabaza
akutsata mwamuna wake ku banki.
Zimene anakambirana sindikuzidziwa.
Mwina si ife. Ndilembe theka?

Palibe funso lokhudza Tereziya.
Ankavina chimtali ngati nthaka ili naye ngongole.
Tinachita sewero lonse la maukwati a ana,
iye ali kutsogolo, atanyamula chidole kumsana.
Pa Khirisimasi anamukwatitsa ku Nkhamenya.
Nsalu yake ikadali pa msomali.
Gitala nayenso anabedwa,
ndipo ndikumudziwa amene anaba,
amakhala pa benchi yachiwiri.

Fomu ikufunsanso cholinga chathu, m'mawu khumi.
Abusa ena amati tikutaya nthawi,
amalume anga amati penti sadyedwa.
Sindinawatsutsepo.
Ndimangodziwa kuti m'shedi muno
anthu ankalowa kudzawerama, kusankha tsamba la wina,
wopukusa, wapakati, wakumutu,
ndipo tsopano amalowa n'kukweza nkhope.
Mawuwa apitirira khumi.

Basi, m'kabokosi muja ndalemba makumi anayi ndi asanu ndi awiri,
chiwerengero cha malo okhala, kuphatikizapo zidina.
Akakayika abwere Loweruka masana.
Akatipeza kulibe, kiyi ali pansi pa njerwa yachitatu,
asese kaye asanakhale,
mbuzi za a Kaombe zimagona pa siteji.