Mpiringidzo

Chitseko ichi ndinacheka ndekha.
Mkungudza wake ndinausenza kuchokera ku Chambe,
masiku awiri khosi lili gwa,
ndipo mpiringidzo ndinausema wonenepa
woti fisi akafika pakhonde azibwerera ndi manyazi.

Ndiye linafika tsiku lija Namalunga anamira mu Likhubula
m'manja mwa mphunzitsi wa kumishoni,
navuuka ali Tabita,
mano akugundana, nsalu itamata thupi,
ine ndili patsidya kunola sowo,
kunamizira kuti sindikuona.

Madzulo ake ndinapeza mpiringidzo utayedzamira khoma
ngati munthu wosapatsidwa moni.
Ndinaubwezera. Usiku anauchotsa.
Ndinaubwezeranso. Kutacha unali panja, utanyowa.
"Amene ndamulandirayu sayenda ndi nkhope yake," anatero,
"amabwereka ya munthu wapanjira.
Nanga akatipeza titakhoma?"

Zilembo sankazidziwa.
Pemphero analigwira theka,
theka linalo ankangong'ung'udza.

Nyengo ya chiperoni, phiri litabisala masiku asanu,
anafika anthu atatu ochokera kutsidya kwa Ruo,
misana ili ndi mizere ya chikoti:
mwamuna, mkazi, ndi kamwana kotsokomola ngati nkhalamba.
Mudzi wonse unali utatseka,
poti kunamveka kuti anthu otere amayenda ndi nthomba.
M'chinenero chawo sindinatolemo kanthu.

Tabita anatereka madzi, nagwada,
natenga mapazi a mwamunayo kuwaika pamiyendo pake,
zala zitatha ndi matekenya,
nawazula limodzilimodzi ndi munga wa mandimu
mpaka tambala woyamba.
Makaka amene tinasungira mwezi wa njala anawasinja.
Nandolo wambewu anamuphika.
Bulangete langa, lija ndinagula ndi matabwa khumi,
linakafunda kamwanako.
Ine ndinagona chokhala, nkhwangwa ili pafupi,
kudikira kuti atibere.
Chinasowa ndi tulo tanga basi.

Unatha mlungu, unatha mwezi.
Ndinamuuza mkazi wanga kuti Mulungu wakeyu ngwamimba yaikulu,
adzadya ndi nsichi za nkhokwe zomwe.
Anati mlendo ndi mame.
Ndinati, nanga mame ako bwanji sakukamuka?

Khoviwa, dzina lake ndinalidziwa mochedwa,
tsiku lina anangotsikira m'dzenje
nagwira mbali ina ya sowo,
iye pansi, ine pamwamba pa chipika,
utuchi ukumugwera m'maso.
Sowo safunsa mtundu wa munthu.
Ukakoka, mnzako amalekerera,
akakoka iye, iwe umalekerera,
ndipo tinacheza choncho mpaka dzuwa kupendeka.

Kamwanako sikanaione mvula yoyamba.
Tinakaika kuseri kwa nthochi
m'bokosi la matabwa amene ndinkasungira mzungu wa tiyi.
Mayi wake analira m'Chilomwe,
Tabita analira ndi pemphero lake latheka lija,
ine ndinkangokhoma misomali,
kuopa kukumana maso ndi aliyense.

Atamva kuti abale awo anaima ku Thyolo,
anamanga kamtolo kawo.
Phazi lamanzere la Khoviwa linali lisanapole.
Ndinayang'ana uku ndi uku, kufuna choti ayedzamire,
ndipo maso anagwera pa mpiringidzo
pomwe unagona chaka chonse, nkhuku zikuuchitira chipongwe.
Ndinaupala ndi kasemasema mpaka unaonda,
unakhala ndodo.
Anaununkhiza kawiri, osanena kanthu,
natsetserekera kunjira ya ku Chitakale,
ndodo ikugogoda miyala.

Mphunzitsi amandifunsabe kuti ine ndimira liti.
Ndimamuyankha kuti madzi a Likhubula ngozizira
kwa munthu wa nyamakazi.
Mpiringidzo wina ndimati ndisema mawa,
mitengo ilipo, manja alipo.

Koma usiku mphepo ya kuphiri ikakankha chitseko
nkulira mahinjesi ake,
Tabita amakhala ali mtulo, akuliza mkonono,
amene amadzidzimuka ndine,
ndipo ndisanafunse kuti ndani,
pakamwa pangapa patuluka kale:
"Lowani."