Wa Thuu-tii

Pa Mpondabwino mnyamata wandikoka malaya:
"Ndi yemweyo, achimwene, mtengo theka."
Oyilo wake ali m'botolo la sobo,
wakuda bii, wokhetsedwa mu lole.

Ndinagulapo chaka chatha.
Kanjinga kanatsokomola pa chitunda cha Chinamwali,
pulagi itavala mwaye,
utsi n'kukuta amayi ogulitsa mbatata.
Ananditukwanira mtundu wonse
ndikukankha, mazira a eni ali kumbuyo.

Che Likoswe a ku Matawale
anangonunkhiza pisitoni:
"Aka kamamwa oyilo pamodzi ndi petulo.
Gula wa thuu-tii, botolo lomata.
Zitsekero ziwiri pa lita,
osati zoyeza ndi maso."

Lero ndalipira wodulayo,
thumba latsala mphepo.
Koma tamverani kakukwera Ku Chawe,
kautsi kopyapyala
kakusowera m'mapaini.