Meja Kolobeki Anafika M'katoni ya Sopo

Anafika pa Kasungu m'katoni ya sopo,
pansi pa mabuku a masamu odyedwa ndi chiswe,
ndipo Nedisoni anamugula ndi matambala asanu
amene mayi ake anam'patsa kuti akagule parafini.
Usiku umenewo anakwapulidwa mumdima.
M'mawa anabwera naye kusukulu atamupinda m'kabudula,
akutsimphina, akumwetulira.

Meja Kolobeki. Chibwano ngati njerwa,
ndevu zapamlomo zowongoka ngati anazilemba ndi rula,
kaliwo pakamwa wosazima ngakhale powoloka mtsinje.
Patsamba lachitatu anagwetsa ndege ndi kamfuti kam'manja.
Pa lachisanu analumpha mlatho ukuyaka,
chipewa chili phee pamutu.
Chizungu chake chinkatuluka m'kamwa ngati thovu la sopo,
ife tinkachilumpha,
n'kumawerenga zophulika zokhazokha,
zilembo zikuluzikulu zija zosafuna mphunzitsi.

Tinkamubwereka mosinthana, aliyense usiku umodzi,
lendi yake chinangwa chootcha.
Kuseri kwa Chankhanga, m'mizere ya fodya wa eni ake,
mapesi anasanduka mfuti, zitsononkho mabomba,
ndipo Phiri la Kasungu tinalilanda kasanu sabata imodzi.
Aliyense ankafuna kukhala Meja.
Ine, pokhala wamfupi, ndinkafa koyambirira,
n'kugona mumkwasa kudikira kuti nkhondo ithe,
nyerere zikundiyendera m'khosi.

Tsamba lomaliza panalibe.
Wina anakulungira mtedza kalekale, mwina ku Lilongwe, mwina kutsidya kwa nyanja.
Meja tinamusiya atazingidwa, zipolopolo zitatsala ziwiri,
ndipo tinkakangana mpaka kung'ambirana malaya
za mmene anatulukiramo.

Ndiye tinapita naye kwa a Lameki Mphonda,
mlonda wa pa sikelo ya chimanga,
amene anapita ku Bama ndi Keyala
n'kubwerako ndi jasi, mendulo imodzi ndi khutu logontha.
Anapukuta manja pathalauza.
Anatsegula pang'onopang'ono, akunyowetsa chala ndi malovu.
Meja sanamuyang'ane n'komwe.
Chala chawo chinatsetsereka mpaka kungodya ya chithunzi
kumene wojambula anangodontheza inki ali pachangu:
timithunzi titatu tosenza mabokosi,
topanda maso, topanda pakamwa.

"Uyu," anatero, "ndi Sayimoni wa kwa Chulu.
Ankayenda chonchi, phewa limodzi lotsika.
Misundu inamudya miyendo mpaka nsapato zinakana kuvulika."
Anakhala chete. Kunja ngolo inadutsa ikulira.
Ife tinafunsa zathu: nanga Meja anapulumuka bwanji?
Anaseka ndi dzino lawo limodzi lija.
"Amenewa amapulumuka, ana inu.
Taonani malaya akewa. Mwezi wathunthu m'matope,
akumuchapira ndani?"

Potsanzika anapempha tsamba limodzi lokhalo.
Nedisoni anakana.
Linali la matambala asanu ndi zikwapu khumi,
ndipo ine ndinamuvomereza.

Lero ndimayala mabuku akale pathumba pafupi ndi depoti,
fumbi la mabasi a ku Mzimba likuwakwirira.
Nedisoni amayendetsa thirakitala ku Santhe, sakumbukanso.
A Mphonda anaikidwa mvula ikugwa, popanda lipenga,
jasi lija linapita kwa mphwawo.
Meja yekha sanakalambe.
Nthawi zina amatulukiranso m'bero la mabuku,
dzina lina, chibwano chomwecho, malaya ochapa.
Ndimamupatsa moni, paja tinadziwana kale,
kenako ndimamudutsa,
chala changa n'kutsikira kungodya, kuli inki yodontha,
kuwerenga mitu yosenza mabokosi.

Akakhalapo wa phewa lotsika
buku limenelo sindigulitsa.
Ndili nawo asanu ndi awiri m'chitini cha mabisiketi,
ndipo sindidziwa woti ndikamupatse.