Mlendo Wosalipira Lendi

Tsiku lomwe Mayi Hoshino ankabwerera kwawo ku Japani
mipando anagulitsa, firiji anapatsa mlonda.
Ine, wokolopa m'nyumba mwawo zaka zinayi,
anandigwiritsa mtsuko wagalasi
wopanda chivundikiro, wopanda pogwira,
mlomo wake wabuluu, wopindikapindika
ngati duwa la mbatata.
M'katimo kansomba kofiira, kotalika ngati chala changa.
Akuti kwawo amauika pakhonde m'nyengo yotentha
kuti maso azimwa kuzizira.
Ndinalandira ndi manja awiri, mtima ukufunsa:
nanga firiji ija?

Kuchokera ku Kabulonga mpaka ku Mtendere
ndinaufungatira ngati khanda lodwala.
Dzenje lililonse la mumsewu linadula msonkho wake wa madzi.
Kondakitala anati, Amayi, mlendoyo alipire mpando.
Minibasi yonse kufa nazo,
chitenje changa chitanyowa mpaka m'maondo.

Amake Lozaliya anasuzumira pakhomo:
Ndiwo yake ndi imeneyi? Ndi mphaka yemwe sangakhute.
Sindinawayankhe. Ndinachotsa wailesi yakufa patebulo
n'kuyalapo kansalu koluka kamene ndinkasungira alendo.

Kenako Okutobala anabwera ndi ukali wake.
Mpopi unangotsala ndi mpweya.
Zigubu pamzere tambala asanalire,
madzi ogula, onyamula pamutu,
ndipo kapu yoyamba, itagona usiku wonse kuti mankhwala athe,
inkapita kwa uyu wosachapa, wosaphika,
wosalipira lendi.
Ngongole yake ndinkaiwerengera mumtima.

Koma Yotamu, mwana wanga,
amene anatseka pakamwa chimwalirireni bambo wake,
miyezi isanu ndi iwiri osanena ngakhale kuti ndadzuka,
anakokera kampando pafupi.
Magetsi akapita
ndinkayatsa kandulo kuseri kwa galasilo,
kansomba ka chala chimodzi
n'kusanduka chinsomba pakhoma,
kusambira pamwamba pa kalendala ya tchalitchi,
kudutsa jekete la malemu pamsomali,
kubwerera, kudutsanso.

Usiku wina ndikusita yunifolomu ndi simbi yamakala
ndinamva mawu, okwekwereza ngati chitseko chadzimbiri:
Amayi, kodi akudziwa kuti akungozungulira?

Simbi ndinaiiwala pa kolala.
Chipsera chake chilipo mpaka lero.

Ndinati kaya, mwanangu.
Ndikanati chiyani, ine wa Mtendere, Kabulonga, Mtendere,
bwana wina tsopano, tsache lomwelo,
khoma langa loonekera mbali zonse
koma lolimba ndikaligunda ndi mphuno?
Ndinangoti kaya, funsanso china.
Anafunsa. Ngati nsomba imagona. Ngati imamva ludzu.
Ngati bambo ake kumene aliko kuli madzi.
Kandulo inatha tisanathe ife.

Kansombako sikanaione Khirisimasi.
Tinakapeza m'mawa katagona chagada,
tinakakwirira m'bokosi la machesi pansi pa mpapaya.
Madzulo omwewo Amake Lozaliya anafika:
mtsukowo ndibwerekeni, ndiziikamo masuwiti pa kantemba.
Yotamu anakana mokuwa, mpaka agalu a kwa aneba anauwa.
Ndinamudzudzula pamaso pa mlendo, monga mwa mwambo,
kenako ndinapita kuseri kukaseka ndi misozi.

Mvula itadzaza ngalande za mu komboni
anabwera ndi mbululu zitatu m'chitini cha mafuta,
zakuda, zosakongola, za konkuno.
Galasi la kutsidya kwa nyanja silinazisale.
Zinazungulira milungu ingapo monga mnzawo uja,
kenako zinaphuka miyendo,
michira n'kumafupika tsiku ndi tsiku.

Lero ndadzuka, madzi ali zii.
Pa mlomo wabuluu pali timapazi tonyowa,
ndipo Yotamu ali chigwadire pansi pa bedi
akuitana wina ndi dzina limene sanandiuze.
Ndachedwa kuntchito.
Ndasiya chitseko chotsegula pang'ono.