Kuwerenga Agulugufe ku Mitundu

Lachiwiri m'mawa, mame asanaume,
ndimatsegula msampha wa pulasitiki
umene alangizi a Kachingwe anapachika
pakati pa chimanga changa.
Sabata yatha munali agulugufe atatu.
Lero khumi ndi asanu ndi awiri,
otuwa ngati phulusa la dzulo.
Ndalemba m'kope la mwana wanga Tiyese,
kuseri kwa masamu amene analakwa.

Kenako ndiyenda mokhotakhota m'mizere,
mapesi khumi apa, khumi uko,
kusuzumira kunsonga kwa chimanga.
Tsamba labooka timazenera.
M'kati muli utuchi wonyowa:
ntchemberezandonda yadya,
yanyera pomwepo, yagona.

Apongozi akuti ingopopera mankhwala,
aja a m'botolo lopanda dzina a pamsika,
omwe anatupitsa maso a Nagama chaka chatha.
Ine toto.
Ndatapa mchenga kudambo, ndasakaniza ndi phulusa,
ndikutsina pang'ono, kuthira paphesi lililonse.
Msuzi wa usipa umene ndinamana ana usiku
ndawaza m'masamba kuti nyerere zibwere
zidzandigwirire ganyu wopanda malipiro.

Mazira ndikuphwanya ndi chala.
Chala chinunkha mpaka madzulo.

Sindinganame kuti ndapambana.
Gulugufe amauluka ine ndili mtulo,
ndipo sadziwa pamene pathera munda wanga
ndi pamene payambira wa a Lunguzi,
amene sanagwire khasu chichitikireni maliro aja.
Mawa ndikasuzumirako kwawo.
Kope likadali ndi masamba anayi.