Madontho Khumi ndi Anayi

Ine ndimalemba zikwangwani ku Ulongwe:
mitu yosalala pakhoma la wometa,
nkhuku yonenepa kuposa mwini wake pachitseko cha sitolo,
botolo lotuluka thukuta m'mwezi wa chisanu.
Ndimanama ndi utoto, ndipo amandilipira.

Lachiwiri anandiitana ku mishoni ya Lifidzi
kukadzutsa zilembo zofufutika pakhomo la sukulu.
Mvula inanditsekera m'chipinda cha mabenchi othyoka
momwe mlonda, Zakeyu Kamtedza, anakoka bokosi ladzimbiri
nati, Iwe wa maburashi, taona izi chiswe chisanamalize.

Mapepala makumi atatu, achikasu ngati mano a wosuta chingambwe.
Pa lililonse gulugufe mmodzi,
mapiko otambasulidwa ngati chikopa chokhomedwa padzuwa,
pambali mbozi yake ndi tsamba limene imadya,
ndi kamzere koyezera msinkhu.
Pansi dzina lachilatini, lalitali ngati msewu wa ku Zobwe,
kenako dzina la wansembe wina, lopindikapindika, ndi chaka: 1931.

Ndinayandikiza maso.
Utoto uwu sunagulidwe ku Tete.
Kufiiraku ndi katondo wopera, wosefedwa pansalu,
kudaku ndi mwaye wa nyali,
buluuyu ndi uja wochapira nsalu za paguwa.
Burashi yake inali ndi tiubweya tingati? Titatu?
Mitsempha ya phiko anailondola umodziumodzi
monga mlenje alondolera mapazi a gwape pamame,
ndipo fumbi lija lotsalira ku zala ukagwira gulugufe
analiika pamenepo, moti ndinaopa kupuma.

Kuseri kwa pepala lachisanu ndi chinayi
pensulo yotopa inali kunong'ona:
"Abambo ati madontho ndi khumi ndi awiri
monga m'buku la kwawo.
Ndawerenga kanayi. Alipo khumi ndi anayi.
Ndajambula amene ndaona.
Bonifasiyo."

Ndinatembenuza pepala,
ndinawerenga ndi nsonga ya chikhadabo.
Khumi ndi anayi.

Anali yani? Zakeyu anatukula mapewa.
Kaya wophika, kaya mnyamata wonyamula ukonde,
kaya woimba belu la m'mawa.
Kumanda kuli a Bonifasiyo asanu, akutero,
sankhapo wako.

Koma pepala lomaliza!
Palibe chilatini, palibe kamzere, palibe dzina la munthu.
Agulugufe asanu ndi awiri pamatope a mtsinje,
pamene ng'ombe zangodutsa,
akumwa, mapiko ali chiimire ngati manja opemphera.
Mmodzi mbalame inamuluma phiko lakumanzere,
ndipo wojambula sanamusokere pong'ambikapo.
Awa sanalasidwe ndi singano.
Awa anawakhalira pansi, tsiku lonse mwina,
udzudzu ukumudya akakolo,
kudikira kuti amuiwale.
Ophunzira a kutsidya kwa nyanja sakanalifuna pepalali:
gulugufe wolumala alibe malo m'kaundula.

Mvula inakata.
Ndinadzutsa zilembo zonse, dzanja likunjenjemera pang'ono
ngati pali wina kumbuyo kwanga akuwerenga.

Lachisanu mayi Felizarda anafuna nkhuku yatsopano pachitseko.
Ndinapempha yamoyo, ndinaimanga mwendo pampando,
ndinakhala nayo mpaka dzuwa kupendeka
ndikuwerenga mamba a kumiyendo kwake,
nthenga yothothoka pakhosi, diso lokwiya lija.
Atabwera anagwira m'chiuno:
Yowonda chonchi agula ndani?
Anandidula mametikali makumi asanu.

Sindinakangane nawo.
M'munsi mwa chitseko, pamene phazi limakankha,
ndinajambula kagulugufe kochepa ngati njere ya dzungu,
phiko lakumanzere lolumidwa.
Madontho sakanakwana onse pamalo ochepa chotero,
choncho sindinaikepo ndi limodzi lomwe.